Akuti Mabuleki a Galimoto Yamagetsi Satha

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndasiya kaye za silabasi ndi za malipiro. Ndikufuna tikambirane za mabuleki.

Masiku ano ukayang'ana pansi pa mitengo ya m'sukulu zathu za m'tauni, pamene kale pankatsamira njinga zokhazokha, upezapo ka Toyota Aqua kapena Prius, mwinanso Nissan Note ija yolembedwa e-Power kumbuyo. Olimba mtima ochepa afika pogula Nissan Leaf, yosamwa petulo ngakhale dontho. Ambiri agula ndi ngongole, ndipo chimene chinawakopa tonse tikuchidziwa: mtengo wa mafuta. Sindikutsutsa ayi. Koma pali mawu amene ogulitsa magalimotowa amakonda kunena, ndipo ife tawameza osatafuna. Akuti magalimoto amenewa mabuleki ake satha, ndiye za mabuleki iwalaniko.

Theka la mawu amenewa ndi loona, ndipo kuopsa kwake kwagona pomwepo. Mapadi a mabuleki a magalimoto otere amachedwadi kutha. Koma chitsulo sichifa ndi kuperepeseka kokha. Khasu limene mukulimira tsiku ndi tsiku limanka lichepa, komabe limawala ndipo limadula. Lija munalisiya kuseri kwa nkhokwe chaka chatha silinachepe ngakhale pang'ono, koma kalitengeni muone dzimbiri lake ndi mmene mpini wafumbwira. Ganizo langa ndi lakuti mwini galimoto yamagetsi kapena ya hybrid ayenera kudera nkhawa mabuleki kuposa mwini Corolla yakale, ndipo aziyendera kalendala m'malo modikira kuti mapadi ayambe kulira.

Amene munakhala m'kalasi mwanga mukukumbukira dainamo ya njinga. Ukaigwetsera pa tayala nyale imayaka, koma kupalasa kumalemera. Kulemera kumeneko ndi mphamvu ya miyendo yako imene ikusanduka magetsi. Galimoto yamagetsi imachita zomwezo. Ukachotsa phazi pamoto kapena kuponda buleki pang'ono, mota imene imayendetsa mawilo imasanduka jenereta. Tsopano mawilo ndi amene akuizungulitsa, iyo n'kumatumiza magetsi ku batire, liwiro n'kumachepa. Pa Chingerezi amati regenerative braking, ena amangodula kuti regen. Si zachilendo. Prius yoyamba inatuluka nazo ku Japan mu 1997, Leaf mu 2010, Aqua mu 2011.

Tiwerengere pang'ono, musaope, palibe mayeso. Leaf imalemera makilogalamu pafupifupi 1,500. Ikamathamanga makilomita 80 pa ola, mphamvu ya kuyenda kwake, ija tinkati theka la m kuchulukitsa ndi v sikweya, imakwana ma joule pafupifupi 370,000. Imeneyi ndi yokwanira kutenthetsa lita imodzi ya madzi ozizira mpaka awire. Pa galimoto wamba, ukaima, mphamvu yonseyi imathera m'mapadi ndi m'madisiki ngati kutentha, n'kuuluka ndi mphepo. Pa yamagetsi gawo lalikulu limabwerera m'batire. A Porsche atatulutsa Taycan mu 2019 ananena kuti pa maulendo a tsiku ndi tsiku pafupifupi 90 peresenti ya kuchepetsa liwiro imachitika ndi mota yokha, mapadi osakhudza disiki.

Ndiye kuti m'galimoto imodzi muli mabuleki a mitundu iwiri. Amagetsi amagwira ntchito tsiku lonse. Achitsulo aja tinawazolowera nthawi zambiri amangokhala, n'kuitanidwa pothera penipeni galimoto ikatsala pang'ono kuima, pamene mawilo akuzungulira mochedwa kwambiri moti mota sithanso kugwira.

Tsono disiki ya buleki ndi chitsulo chosapaka penti, chili pamtetete. Mvula ikagwa usiku, m'mawa mumaipeza itafiirira. Pa galimoto wamba imeneyo si nkhani, chifukwa mukaponda buleki kawiri katatu potuluka pageti mapadi apukuta kale. Pa yamagetsi kupukutako n'kochepa komanso kofooka. Dzimbiri la lero limagona pa la dzulo, kenako limayamba kukumba timaenje, ndipo malo amene padi imakumana ndi chitsulo chenicheni amanka nachepa kuchokera m'mbali.

Choopsa kuposa apa chili pa kalipa, chipangizo chija chimene chimapana disiki ngati nkhanu. Kalipa imatsetsereka pa timapini tiwiri topaka girisi, tovekedwa timalabala. Ikamasuntha kawirikawiri girisi amafalikira bwino. Ikangokhala, girisi amauma, fumbi ndi madzi zimalowa pamene kalabala kang'ambika, pini n'kujama. Zikatero padi ya mbali imodzi yokha ndi imene imagwira, kapena buleki imagwira osabwereranso, n'kumakhula disiki ulendo wonse. Nayo padi, ngakhale ioneke yonenepa, dzimbiri limatha kulowa pakati pa mnofu wake ndi chitsulo chimene unamatidwapo, tsiku lina n'kungomatuka. Mawilo akumbuyo ndi amene amavutika kwambiri, poti ngakhale pa galimoto wamba ntchito yaikulu ndi ya kutsogolo. Apa eni ma Aqua ali ndi kamwayi, chifukwa kumbuyo kwake kuli madiramu otsekeka. Leaf, ndi Prius ya kuyambira 2009, zili ndi madisiki mawilo onse anayi.

Mmodzi mwa anyamata anga akale, amene masamu ankamuzunza koma sipanala imamumvera, ali ndi galaja yakeyake. Tsiku lina anandionetsa disiki imene anachotsa kumbuyo kwa hybrid ya mayi ena. Mapadi anali ngati atsopano. Disikiyo inali ndi kamzere kamodzi kowala pakati, kopyapyala ngati chala, kwina konseko kuli makwinya a dzimbiri ngati chiwaya chotayidwa kudzala. Pini imodzi anachita kuitulutsa ndi hamala. Mayiwo anabwera ndi dandaulo la mafuta, akuti galimoto yayamba kumwa. Za mabuleki sanadandaule konse. Mnyamatayo anati, “Aphunzitsi, chovuta n'chakuti anthu akangoona kuti padi ili yonse, amaona ngati ndikufuna kuwabera.”

Musaganize kuti ndi za kuno kokha. Ku Germany, a TÜV, amene amayeza magalimoto monga mmene ife timachitira COF, akhala akuchenjeza za madisiki ochita dzimbiri pa magalimoto amagetsi, ndipo mu lipoti lawo la 2024 Tesla Model 3 inali kumchira pa magalimoto a zaka ziwiri ndi zitatu, mabuleki ali m'gulu la zifukwa. A Tesla eni ake amalangiza kuti kumadera kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chipale chofewa, makalipa azitsukidwa ndi kupakidwa girisi chaka ndi chaka kapena pa makilomita 20,000 aliwonse. A Volkswagen anabwerera ku madiramu kumbuyo kwa ID.3 ndi ID.4, chinthu chimene ambiri ankachiyesa chachikale, ndipo chifukwa china n'chomwechi: diramu ndi yotsekeka, siivutika ikakhala osagwira ntchito.

Wina anena kuti, aphunzitsi, kuno kulibe chipale, m'misewu mwathu sathiramo mchere. Zoona. Koma galimoto yanuyo sinabadwire ku Kanengo. Yabwera kuchokera ku Japan ili ndi zaka 8 kapena 10, ndipo ngati inkayenda kumpoto kwa dzikolo, monga ku Hokkaido, mchere inaudya kale. Kenako inakhala masabata m'sitima ndi padoko la Dar es Salaam kapena Durban, ikupuma mphepo ya m'nyanja yamchere. Itafika kuno yapeza zathu: mvula ya December mpaka March, matope a m'misewu ya kumakwalala, ndi anyamata otsuka magalimoto amene amalunjikitsa paipi m'mawilo, mwini n'kungoyenda mamita ochepa kukaiimika. Ndipo tisanamizane, galimoto ya mphunzitsi imayenda masabata awiri oyambirira a mwezi. Otsalawo imagona pansi pa mtengo wa mango, mwini wake ali pa minibasi.

Mwina mukuti, ngakhale achitsulowo afooke pang'ono zili ndi chiyani, poti amagetsi alipo? Vuto ndi lakuti regen imakuthawani pa nthawi yeniyeni imene mukufuna thandizo.

Mwana akadumphira mumsewu, kapena wakabaza akakhota osayang'ana, mota siingathe kumeza mphamvu yonseyo m'masekondi awiri. Ndiponso pa magalimoto ndatchulawa, ambiri mota yake imagwira mawilo akutsogolo okha. Kuima mwadzidzidzi ndi ntchito ya mapadi ndi madisiki, mawilo onse anayi pamodzi, ndipo ngati limodzi lili ndi pini yojama galimoto imakokera mbali. Chimodzimodzi tayala likaterereka pa mchenga kapena kudumpha pa dzenje: ABS ikangoyamba ntchito, kompyuta imachotsa regen n'kupereka zonse kwa achitsulo. Mu February 2010 a Toyota anaitanitsa magalimoto a hybrid oposa 400,000 padziko lonse, ambiri mwa iwo ma Prius, kuti akakonze pulogalamu ya kompyuta, chifukwa madalaivala ankamva ngati mabuleki atayika kwa kamphindi akafika pa malo a mabampu kapena oterera. Zimenezo anakonza. Ndangozitchula kuti muone kuti mabuleki awiriwa amapatsiranadi ntchito, ndipo amapatsirana pa misewu yonga yathuyi.

Koma chachikulu ndi batire. Ndowa ikadzaza simungathiremonso madzi. Batire ikadzaza, regen imachepa kapena kusiyiratu, ndipo magalimoto ambiri amasonyeza zimenezi pa dashibodi, kungoti sitiyang'ana.

Tengani ulendo wa ku Chikwawa. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, Chikwawa ali cha m'ma 100. Ndiye kuti mukutsika mamita ngati 900, ndipo ochuluka mumawatsikira m'makhotakhota aja musanafike pa Thabwa. Leaf ija ya makilogalamu 1,500, tikachulukitsa m ndi g ndi h, tipeza ma joule 13,500,000. Amenewa ndi pafupifupi mayunitsi 4 a magetsi aja timagula, kapena tinene kuti moto wowiritsa malita 40 a madzi. Mphepo ndi matayala zimadyako gawo lake, koma zotsalazo ziyenera kupita kwinakwake. Batire ikakhala ndi malo zimalowa m'menemo, ndipo mumafika pa mlatho wa Shire muli ndi magetsi ambiri kuposa amene munali nawo pamwamba pa phiri. Tsono munthu wokonzekera ulendo amatani? Amatchaja usiku wonse mpaka 100 peresenti, makamaka ife amene sitidziwa kuti mawa magetsi adzakhalapo kapena ayi. Akufika pamtsetse batire ikadali pafupi kudzaza. Kutentha konse kuja kukupita ku madisiki amene akhala miyezi osatenthako, ndipo galimoto yake ndi yolemera kuposa Vitz ndi theka la tani.

Pa Aqua zimachitika msanga kuposa apa, chifukwa batire ya Aqua yoyamba siikwana ngakhale yuniti imodzi, ndipo kompyuta imalola kugwiritsa ntchito gawo chabe la iyo. Pamtsetse wautali imadzaza m'mphindi zochepa. B ija ili pansi pa D pa giya si yokongoletsa. Ukaikapo, injini imazungulira n'kumakoka galimoto kuti isathamange, monga mmene tinkachitira ndi giya yachiwiri pa magalimoto a kalachi. Injini imalira kwambiri, ndipo ndamvapo anthu akuti anaopa n'kubwezera pa D. Kulirako ndiyo ntchito yake. Pa Leaf, B imangowonjezera regen, ndipo poti mulibe injini, batire ikadzaza B ilibe chokuthandizani. Zomwezi zikhudza wotsika Chiweta, Khwekhwerere, ngakhale wochokera kokacheza ku Ku Chawe.

Kutentha kwa madisiki sikuthera pomwepo. Kumadutsa m'mapadi ndi m'kalipa mpaka kukafika ku brake fluid, ndipo apa pali phunziro lija la Pascal limene ambiri munkagona nalo masana. Zamadzimadzi sizifinyika, n'chifukwa chake mphamvu imayenda m'mapaipi mpaka kukafika ku mawilo. Nthunzi imafinyika. Brake fluid ikawira, m'mapaipi mumakhala nthunzi, ndipo mphamvu ija imathera pofinya nthunziyo, mapadi osagwira. Nthawi zina tikamva kuti mabuleki anaduka pamtsetse, palibe chimene chinaduka, fluid ndi imene inawira. Ya DOT 3 ikakhala yatsopano siyenera kuwira isanafike madigiri 205, ya DOT 4 madigiri 230. Koma mafuta amenewa amakoka chinyezi cha mumpweya, ndipo madzi osakwana 4 peresenti amatha kutsitsa manambalawo kufika pa 140 ndi 155. Chinyezi chimalowa galimoto iyende kapena isayende.

Pa galimoto wamba, makaniko amatsegula mabuleki kawirikawiri posintha mapadi, ndipo fluid amaionera pomwepo. Pa izi, poti mapadi satha, zaka zimadutsa palibe watsegulako. Kuwonjezera apo, pa Prius ndi Aqua kulimba kumene phazi lanu limamva pa buleki ndi kochita kupanga. Phazi limauza kompyuta, kompyuta ndi imene imagawa ntchito. Ndiye kufewa kuja kumene kunkatichenjeza pa magalimoto akale mwina simukumva mpaka zinthu zitafika poipa.

Sindikunena kuti muiope regen kapena muizimitse. Ndi chinthu chabwino, ndipo ndi chimene chikukupulumutsirani ndalama. Walira mvula walira matope, basi. Chofunika ndi kuwapatsako ntchito mabuleki achitsulo mwadala. Kamodzi pa sabata, pa msewu wowongoka, wouma, wopanda anthu, yang'anani pagalasi kuti kumbuyo kulibe wina, ndipo kuchokera pa makilomita ngati 60 pa ola pondani buleki mwamphamvu mpaka mutsike cha pa 10. Osati mpaka matayala alire, koma mwamphamvu ndithu, chifukwa mukaponda monyengerera mota ndi imene igwirenso ntchitoyo. Chitani katatu kapena kanayi. Pa magalimoto ambiri otere, ukaika giya pa N regen imazima ndipo buleki yonse imakhala ya mapadi, koma werengani kaye buku la galimoto yanu, ndipo zimenezo musadzayesere pamtsetse. Mukatsukitsa galimoto kapena kuwoloka madzi, chitaninso chimodzimodzi musanaiimike, kuti madisiki agone ali ouma. Mnzanga wina wa masamu anati kumeneko n'kutaya magetsi. Tinawerengera limodzi pa bolodi la mu sitafurumu: kuima kanayi kuchokera pa 60 sikukwana ngakhale kota ya yuniti imodzi.

Maso anunso agwire ntchito. Suzumirani m'mipata ya wilo, disiki iziwala kuchokera m'kati mpaka m'mphepete. Mukafika pa ulendo, yandikizani dzanja pa wilo lililonse, osakhudza. Limodzi likamatentha kuposa anzake, buleki yake ikukhula.

Kamodzi pa chaka mawilo onse achotsedwe, mapini atulutsidwe, atsukidwe ndi kupakidwa girisi, timalabala tong'ambika tisinthidwe. Ine ndingasankhe April kapena May, mvula itangotha. Girisi wake akhale wa mabuleki, chifukwa wamba uja wa ma bearing amatupitsa labala, pini n'kujama kuposa kale. Padi ikatsika kufika mamilimita 3 yatha, ndipo disiki iliyonse inadindidwa nambala yosonyeza kupyapyala kumene siyenera kupitirira. Brake fluid isinthidwe zaka ziwiri zilizonse, monga amalangizira opanga magalimoto ambiri, ya mtundu umene walembedwa pa chivindikiro, yochokera m'botolo losatsegula. Ya DOT 5 ndi mtundu wina, siisakanizidwa ndi zinazi ngakhale nambala yake ikuoneka yapamwamba. Ija amagulitsa yopungulira m'timabotolo m'mbali mwa msewu inamwa kale chinyezi isanalowe m'galimoto yanu. Amene mwangolandira kumene galimoto kuchokera kudoko, chitani zonsezi sabata yoyamba, musanagule makapeti ndi wailesi. Pepala la COF limanena za tsiku limene anayeza, silinena za mapini. Ndipo ngati mawa mukutsika phiri, lekezani kutchaja cha pa 80 peresenti. Phirilo likuwonjezerani lokha.

Za matayala a kaunjika ndidzalemba tsiku lina. Pano ndingoti buleki imaimitsa wilo, koma chimene chimaimitsa galimoto ndi tayala.

Tsopano inu ana anga amene muli m'magalaja, chifukwa ndikudziwa kuti mulipo ambiri ndipo magalimotowa akubwera kwa inu. Safunsa anadya phula. Pa ma hybrid a Toyota, kungotsegula chitseko cha dalaivala kumatha kudzutsa pampu ya mabuleki, galimoto ili yozima. Ngati nthawi imeneyo kalipa ili pamanja, pisitoni ikhoza kutuluka yokha zala zanu zili pomwepo. Chotsani kaye waya wa batire yaing'ono ya mavoti 12 monga buku likunenera, ndipo kiyi akhale kutali. Kuchotsa mpweya m'mapaipi mwa njira yathu ija ya ponda, ponda, gwira sikukwanira pa magalimoto ambiri otere, pamafunika kompyuta yotsegula ma valve. Ngati mulibe, nenani kuti mulibe, mum'tumize mwini galimoto kwa mnzanu amene ali nayo. Mawaya okutidwa ndi mtundu wa olenji musawakhudze: batire ya Aqua yoyamba ndi ya mavoti 144, ya Prius ndi yoposa 200, ya Leaf ndi cha m'ma 360. Pa ntchito ya mabuleki mulibe chifukwa chofikirako.

Ndipo kasitomala akakhala mphunzitsi, akukanirira kuti mapadi ake akadali onse, musakangane naye pakamwa. Kwezani galimoto pa jeke, chotsani wilo lakumbuyo, mum'patse pini m'manja ayese kuisuntha yekha. Mukutidziwa mmene tilili, sitichonga yankho tisanaone njira yake.